Mkanda Umodzi Wosowa M'helikopita

Ine sindinakwerepo helikopita ili m'mwamba. Ndinene zimenezi poyamba, chifukwa kwathu ku Machinga alipo anthu amene mpaka lero amauza anzawo kuti ndine payiloti ku Qatar. Ndinali wotsuka. Kampani ina ya makontirakiti inatitenga kuti tizitsuka mahelikopita a asilikali apanyanja kuno ku Doha. Ndege zimenezi zimauluka pafupi ndi madzi amchere, zina zimatera pa sitima, ndipo pobwera zimakhala zitamata mchere thupi lonse. Mchere umadya chitsulo. Choncho ikatera, injini n'kuzizira, ife tinkabwera ndi mapaipi, sopo wake wapadera ndi nsanza. Nsanza iliyonse unkasainira potenga, n'kusainiranso pobweza.

Malo amenewo ali ndi matenda owerenga zinthu. Masipanala amakhala pabolodi, iliyonse pa chithunzi chake cha penti, kuti ikasowa mpata wake uzionekera patali. Ikasowa imodzi palibe ndege yonyamuka, palibenso munthu wokwera basi. M'mawa uliwonse tinkandanda mzere umodzi, amakanika, otsuka, ngakhale mabwana a nyenyezi paphewa, n'kumayenda pang'onopang'ono bwalo lonse maso ali pansi, kutola kamwala, kawaya, chilichonse. Mwambo umenewu amautcha fodi. Tsiku loyamba nditamva akukuwa kuti "Fodi, fodi, yalla!" ndinadabwa kuti anthu awa fodya amasutira pagulu, pafupi ndi mafuta a ndege. Ndinakana ndithu, ndinati ine sindisuta. Anandiseka sabata yathunthu. Kenako anandionetsa chithunzi cha injini imene inameza kanati kamodzi. M'kati mwake munali ngati chimanga chimene anankafumbwe athana nacho.

Lamulo lalikulu linali la matumba. Usanalowe mu hangala, chinyumba chosungiramo ndegezo, foni, makiyi, wotchi, mphete, zonse unkasiya mu loka. M'thumba musakhale kanthu.

M'thumba mwanga munali kanthu.

Ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Ku Limbe ntchito ziwiri zinandithera chifukwa cha pakamwa. Mkazi wanga ndi amene anayamba kubwera kuno, amagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Al Markhiya, ndipo nditamutsatira anandigulira tasibihi, ija ife Asilamu timawerenga popemphera, ya mikanda yakuda makumi atatu ndi itatu. Pondipatsa sanalankhule za mapemphero ayi. Anati, "Abambo, kuno si ku Limbe. Kuno mukatukwana bwana, mawa muli pa eyapoti, ine n'kutsala ndekha. Mukamva kutentha pachifuwa, dzanja m'thumba, muziwerenga."

Zinathandizadi. Zaka zitatu sindinatukwane munthu pantchito. Koma kutentha pachifuwa kunkandipeza mu hangala, osati ku loka, ndiye tasibihiyo ndinkalowa nayo tsiku lililonse, m'thumba lam'kati la ovolosi. Ndinkadziuza kuti chinthu chotchulira dzina la Mulungu sichingagwetse ndege.

Tsikulo kunali kotentha kuja kwa Doha, mpweya wonyowa ngati waweramira pa poto wowira. Helikopita ina inkayenera kunyamuka teni koloko kupita ku sitima ndi anthu anayi. Anatituma awiri kukapukuta m'kati mwake, ine ndi mnzanga wa ku Chipata, bambo wamkulu kuposa ine, wolankhula ngati wailesi. Tili m'kati, anatulukira sapavaiza wa kampani yathu, n'kuyamba kukalipa za zenera lina limene linali ndi mizere ya sopo. Zenera limenelo anatsuka a shifiti ya dzulo, ndipo iye ankadziwa. Anandiloza ndi cholembera n'kunditcha boyi. Ine bambo wa ana atatu, imvi zayamba kale m'ndevu.

Dzanja m'thumba. Ndinawerenga mpaka anatsika. Koma atapita chifuwa sichinazizire. Ndinaitulutsa tasibihi ija kuti ndiwerenge bwino, ndikutukwana chamumtima, ndipo sindinadziwe kuti ndikukoka mwamphamvu. Ulusi unangoti thu! Mikanda mbwee pansi pa chitsulo, ina kugubudukira kumipando, ina kutsogolo kumene amakhala payiloti.

Mnzanga anasiya kulankhula, koyamba chimudziwireni.

"Mudala," anatero kenako motsitsa mawu, "ni chani ichi mwachita?"

"Tolani, achimwene. Mafunso pambuyo."

Tinagwada n'kumatola, thukuta likugwera m'maso. Ndinaiunjika m'dzanja n'kuwerenga. Ndinawerenganso.

"Manje ili ingati?"

"Sate thuu."

"Ifunika kukhala ingati?"

"Sate firii."

"Mwina inali sate thuu kuchokera kale. Ogulitsa aja amachotsako umodzi umodzi, mukawerenga imwe mumangothamanga."

"Achimwene, zaka zitatu ndakhala ndikuchiwerenga chinthu chimenechi. Chala changa chimadziwa."

Tinafufuzanso. Ndinavula jombo n'kukutumula. Ndinapisa m'matumba onse, m'mapindiro a ovolosi, m'tinjira timene mipando imayendamo. Palibe. Kutsogolo, pamene payiloti amaponda ndi mapazi, pali timipata tolowa pansi, ndipo pansipo pamadutsa tizitsulo towongolera ndege. Ndinasuzumira. Mdima wokhawokha.

Mnzanga anandigwira mkono. "Nimvereni. Ni kapulasitiki chabe, kochepa kuchila nyemba. Ndeke iyi inyamula anthu na katundu. Ine sininaone, imwe simunagwetse. Khalasi, nkhani yatha. Mukakamba, muyenda ku Malawi, na ine muniponyela m'madzi. Nili na bana ku sukulu, mudala."

Sanali munthu woipa. Ankanena zimene ine ndemwe ndinkafuna kumva. Kulowa ndi chinthu m'thumba unali mlandu wochotsetsa ntchito, ndipo kuno ntchito ikatha, chilolezo chokhalira chimatha nayo. Ndinaika mikanda ija m'thumba, tinatsika, tinabweza nsanza, n'kufika pa pepala limene wotsuka amasainira kuti zonse zimene analowa nazo m'ndege watuluka nazo.

Ndinasaina. Izi ndiye zimandiwawa kulemba, koma ndinasaina.

Anatituma kukatsuka matayala a helikopita ina. Sindinathe. Ndinkatsegula madzi n'kutseka. Ndinapita kukamwa madzi, ndinabwera, ndinapitanso. Ndinalowa kuchimbudzi kawiri wopanda chochita, kungoima n'kuwerenganso mikanda ija ngati ingaswane m'thumba. Ndinakwiyira sapavaiza. Ndinakwiyira wogulitsa ulusi wowola. Ndinakwiyira ngakhale mkazi wanga, mayi wosalakwa amene nthawi imeneyo ankakolopa nyumba ya eni ake. Ndipo dzanja likapita m'thumba kuti ndidzitonthoze, linkangopeza mikanda yomwazika ngati mtedza.

Kathirakita kanabwera n'kukoka helikopita ija kupita nayo pabwalo. Mnzanga ankandiyang'ana cham'mbali, akupukusa mutu pang'ono, kundiuza kuti khalani phee. Kenako anatuluka anthu anayi aja, zipewa zawo zolimba zili m'manja. Mmodzi wa iwo anali msilikali amene amatsitsa chingwe chopulumutsira anthu m'madzi, mkulu wonenepa amene tsiku lililonse ankandikuwira kuti, "Salaam aleikum, Malawi!" Dzina langa sankalidziwa. Anakuwanso tsikulo, akuseka, n'kupitirira.

Sindinganame kuti ndinaganiza mozama. Ndinangopsa mtima, basi, monga ndimachitira, koma ulendo uno ndinapsera ine mwini. Ndinaponya paipi pansi madzi akutuluka, n'kuyenda molunjika pabwalo. Pali mzere wofiira umene wotsuka saloledwa kudumpha ndege ikatulutsidwa. Ndinaudumpha.

Mkulu wa amakanika, amene tonse tinkamutcha chifu, anali msilikali wa ndevu zotuwa, wosakonda zolankhula. Anali ataima pafupi ndi mphuno ya ndege. Ndinafika n'kunena m'Chingerezi changa cha Fomu Folo, mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

"Chifu, ndege iyi isanyamuke."

Anandiyang'ana kumaso, kenako kumapazi anga amene anali mbali yolakwika ya mzere. Ndinatulutsa mikanda ija m'thumba n'kutambasula dzanja. Anayang'ana mikandayo nthawi yaitali.

"Yasowa ingati?"

"Umodzi."

"Kuti?"

"M'kati. Mwina kutsogolo, pansi."

Sanakalipe. Anatembenuka n'kupingasa mikono m'mwamba kuti payiloti aone. Kathirakita kaja kanabweranso.

Zotsatira zake sindizifunira ngakhale mdani wanga. Anaibwezera mu hangala. Anachotsa mipando. Anamasula zitsulo za pansi chimodzichimodzi, nati iliyonse m'kathumba kake. Amakanika asanu anagona chafufumimba ndi matochi, timagalasi ta pa ndodo, ndi kamera ya pa waya. Ine anandiimika kuseri kwa chingwe kuti ndiziloza pamene ndinagwada. Nthawi ya nkhomaliro inadutsa. Shifiti yathu inatha koma palibe analoledwa kuchoka, basi inangoima panja. Anzanga ankandiyang'ana ngati ndawabera. Wa ku Chipata anakhala pa ndowa yozondoka, osandiyang'ana n'komwe.

Sapavaiza anabwera n'kuima pafupi kwambiri, malovu ake akundigwera pamphuno. Ananena zambiri. Ndinaika manja onse kumbuyo, lamanzere kugwira lamanja, ndipo ndinaligwira mpaka linachita dzanzi.

Anaupeza itadutsa thuu koloko. Unali pansi penipeni, m'kangodya, pafupi ndi kachitsulo kochokera ku zopondera za payiloti. Makanika anautola ndi kapani, n'kuuika m'kathumba ka pulasitiki, n'kulembapo. Ndinamufunsa ngati ukanagwetsadi ndege. Anangokweza mapewa. Anati mwina ukanakhala pamenepo zaka khumi osavuta munthu, mwina ukanalowa polakwika lero lomwe. Mpaka pano sindidziwa, ndipo kusadziwako kumandisowetsa mtendere kuposa yankho lililonse.

Payiloti uja, amene ulendo wake unali utalephereka, anabwera kudzaona. Anakweza kathumbako kuloza kuwala, kenako anandiyang'ana.

"Tasibihi yanga ndimaisiya m'galimoto," anatero, n'kuchoka.

Anandiuza kuti ndikadikire kunyumba. Masiku awiri ndinakhala m'chipinda chathu cha anthu asanu ndi mmodzi ku Al Khulaifat, anzanga onse ali kuntchito. Kukhala pansi kunkandikanika. Ndinalongedza chikwama, ndinamasula, ndinalongedzanso. Ndinkatuluka kuyenda mpaka kumsewu waukulu wa ku Ras Abu Aboud, dzuwa n'kundibweza. Ndege iliyonse yodutsa ndinkati ndi imeneyo ndikwere. Tsiku loyamba sindinamuimbire mkazi wanga. Lachiwiri ndinaimba masana, nthawi imene abwana ake amagona, n'kumufotokozera zonse, ndi za kusaina zomwe.

Nditamaliza, anayamba kundifunsa.

"Ndiye mwatukwana aliyense?"

"Ayi."

"Simunamenye munthu?"

"Ndati ayi, mayi."

"Chabwino. Madamu adzuka, ndiimbanso."

Tsiku lachitatu anandiitana ku ofesi. Munali bwana wa kampani, sapavaiza ndi chifu. Patebulo panali kalata yondichotsa ntchito, yolembedwa kale, ndinaiwerenga chozondoka. Anandifunsa ngati mnzanga wa ku Chipata ankadziwa za tasibihi. Ndinati anaiona koyamba tsiku lomwelo, ndipo zinali zoona. Zimene ananena m'ndege muja sanandifunse, inenso sindinazitchule.

Bwana wa kampani anakankhira kalatayo kwa ine. Chifu anaikapo chala chimodzi, kalata n'kuima pakati pa tebulo. Analankhula pang'onopang'ono, osayang'ana ine. Anati munthu uyu analowa ndi chinthu choletsedwa, n'kusainira bodza, ndipo pafupi ndi ndege zake sakumufunanso, ngakhale tsiku limodzi. Koma anati mukamukweza ndege ya kwawo, otsuka ena onse aphunzirapo chinthu chimodzi chokha, kuti ukagwetsa kanthu uzitseka pakamwa. Ndipo iye sangagwire ntchito ndi anthu otseka pakamwa.

Anakangana kwa kanthawi m'Chiarabu, ine ndikungomva mawu amodziamodzi. Miyendo inkafuna kuimirira, ndinaikakamiza. Pomaliza bwana wa kampani anabweza kalata ija mu diloo n'kutulutsa pepala lina. Ntchito yotsuka mabasi ndi malole a kampani, kunja kwa mpanda, kontirakiti yomweyo. Anatenga pasi yanga yofiira yolowera ku ndege n'kuidula pakati ndi sizasi ine ndikuona. Sindinayembekezere kuti zindipweteka choncho. Ndinkazikonda ndege zija, ngakhale ndinkangozitsuka.

"Nena zikomo," anatero sapavaiza.

Ndinamuyang'ana. Mawu anafika pakhosi, ambiri, a Chiyao ndi a Chichewa omwe, ena oti sindinawagwiritse ntchito chichokereni ku Limbe. Ndinatembenukira kwa chifu.

"Shukran, chifu."

Anagwedeza mutu kamodzi. Ndinasaina pepalalo, ndinatenga pasi yoyera, n'kufunsa bwana wa kampani kuti kotsukira mabasiko amalowera geti liti.