Ulusi Umene Bwana Anameza

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene Anti Taonga anandisiyira kiyi wa nyumba yawo. Tinkakhala ku North York, ku Canada, m'chinyumba chachitali cha mafulati, khomo lathu litayang'anizana ndi lawo. Anti anali namwino, kwawo ku Chipata m'dziko la Zambia, ndipo ankakhala okha ndi mphaka wamphongo wotuwa dzina lake Bwana. Ankati anamutcha choncho chifukwa ndi yekhayo m'nyumbamo amene sapita kuntchito, salipira lendi, koma chakudya chikachedwa ndiye woyamba kukalipa.

Uthenga wakuti mayi awo amwalira unafika pakati pa nyengo yozizira, kunja kuli mbuu ndi chipale chofewa. Amayi anga ndi azimayi ena a kutchalitchi anakakhala nawo pabalaza mpaka tikiti ya ndege inapezeka. Tsiku lonyamuka, masutikesi ali kale pakhomo, Anti anandiitana. Maso awo anali ofiira, mawu atasasa.

"Tadala, mwana wanga, Bwana nakusiyira iwe. Chakudya chake chili apa, mchenga wake uli kubafa. Akachita chilichonse chachilendo unitumire foni. Wamva? Chilichonse chabe."

"Ndamva, Anti."

Ndinasangalala, ngakhale ndinkadziwa kuti si tsiku losangalala. Palibe munthu wamkulu amene anali atandisungitsapo chinthu chamoyo. Amayi ananeneratu kuti mphaka sadzaponda m'nyumba mwathu, chifukwa kwathu ku Dedza mphaka malo ake ndi kunkhokwe, osati pasofa. Motero Bwana anatsala m'nyumba ya Anti, ine n'kumapita kukamuona m'mawa ndisanapite kusukulu, ndi madzulo ndikaweruka.

Masiku oyamba Bwana sanandifune. Ndikangotsegula chitseko ankathawira kunsi kwa bedi, n'kumangondiyang'ana ndi maso obiriwira aja. Ndinkagona chafufumimba pakapeti n'kumamunyengerera m'Chichewa, kenako m'Chingelezi, koma iye osasuntha. Chakudya ankadya ndikachoka. Zinkandipweteka mtima. Ndinkafuna kuti Anti akadzabwera adzapeze mphaka wawo akundikonda.

Nyengo yozizira Amayi ankandimanga tsitsi ndi ulusi wakuda, monga ankachitira agogo kwa iwo ali mtsikana. Ankati tsitsi lomangidwa silithothoka ndi chipewa chaubweya. Loweruka lililonse lachiwiri ndinkakhala pansi pakati pa miyendo yawo, iwo n'kumamasula ulusi wakale, wautali ngati mkono wanga wonse, wopotanapotana, wonunkhira mafuta a m'mutu. Tinkautaya m'bini. Koma Loweruka limenelo ndinatolako umodzi n'kuika m'thumba la juzi, chifukwa ndinali nditaganiza nzeru.

Nzeruyo inagwiradi ntchito. Nditaukoka ulusi uja pang'onopang'ono pakapeti, ndinaona kadzanja kotuwa katatuluka kunsi kwa bedi. Kenako mutu. Posakhalitsa Bwana yense anali pabalaza, akudumpha, akugubuduka, akuuluma ulusi n'kumaukankha ndi miyendo yakumbuyo. Ndinaseka mpaka misozi. Atatopa anabwera n'kukhala pamiyendo panga, akulira kukhosi monga amachitira amphaka okondwa. Ndinamva kutentha kwa thupi lake ndipo ndinadziona ngati munthu wofunika.

Ndinausiya ulusi pansi n'kupita kukhitchini kukamuthirira madzi. Pobwerako ndinamupeza atakhala tsonga, mutu akuupendeketsa uku ndi uku, akumeza. Kachidutswa kotsiriza kanali kakulendewera pakamwa. Ndisanafike pomwe anali, kanalowa. Ananyambita milomo n'kundiyang'ana ngati akufunsa wina.

Sindinabise. Madzulo omwewo ndinawauza Amayi akusita yunifolomu yawo ya kunyumba yosamalirako okalamba kumene ankagwira ntchito.

"Ulusi?" anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Iwe, amphaka a kumudzi amadya mbewa yathunthu, ubweya, mchira, zikhadabo zomwe. Ndiye kaulusi kameneko? Katuluka kokha mawa."

Ndinakhulupirira, chifukwa ndinkafuna kukhulupirira.

Lamulungu m'mawa ndinapeza masanzi achikasu pafupi ndi chitseko, chakudya chili chosakhudza. Titachoka kutchalitchi kunabwera Mayi a Chisomo, anzawo a Amayi a kukwaya, kudzalukitsa tsitsi. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka chipeso chinagwa m'mutu.

"Koma Canada yatipusitsa! Mwana akudandaula m'mimba mwa mphaka? Ine ndikadwala mwana wanga amangoti ndili bize. Tamvera mwana iwe, tenga sipuni ya mafuta ophikira um'mwetse. Chilichonse chatsakamira m'katimo chiterereka."

Ndinachitadi zimenezo. Ndinamukulunga Bwana m'thaulo n'kumutsanulira mafuta pakamwa. Anatsokomola, nasanza thovu, n'kuthawira kunsi kwa bedi. Ulendo uno sanandiyang'ane. Anatembenukira kukhoma.

Tsiku lotsatira sanadye, sanamwe. Nditamugwira pamimba anabuula motsitsa, mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa mphaka. Apa m'pamene ndinapita kwa Amayi foni yawo ili m'manja mwanga.

"Amayi, Anti anati chilichonse chachilendo tiwaimbire."

Amayi sanakalipe. Analankhula mofatsa, monga amalankhulira akamandiphunzitsa zinthu zakwathu zimene akuopa kuti ndikula osazidziwa.

"Tadala, munthu uja waika mayi ake m'manda dzulodzuloli. Wakhala pamphasa, achibale amuzungulira, misozi sinaume. Ndiye foni ilire kuchokera kuno, anthu onse aganize kuti mwina ndife tikupepesa, kenako amve kuti tikunena za mphaka wosanza? Atiyesa anthu otani? Namfedwa sasenzetsedwa katundu wina. Tidikire, mphaka wangosowa mwini wake."

Ndinabweza foni pathebulo. Chimene chimandivutabe mpaka lero n'chakuti mumtima mwanga munapepuka. Amayi analankhula chifukwa cha ulemu, ndipo ankakhulupiriradi kuti akuchita zabwino. Ine ndinavomera chifukwa sindinkafuna kuti Anti amve mawu anga ndikunena kuti ulusiwo unachokera m'thumba langa. Mwambo unandipatsa pobisala, ndipo ndinabisalapo mokondwa.

Lachiwiri m'mawa, nditavala kale za kusukulu, ndinamupeza Bwana atagona pamatailosi ozizira a kubafa. Ubweya wake unali utanyankhalala, maso atalowa m'kati. Pansi pa mchira pake panatuluka kansonga kakuda. Ndinauzindikira ulusi wanga. Mtima unadumpha ndi chimwemwe: Amayi ananena zoona, ukutuluka! Ndinagwada, ndinaugwira ndi zala ziwiri, n'kukoka pang'ono kuti ndimuthandize.

Kulira kumene Bwana analira sindingathe kukulemba. Thupi lonse linapindika ngati uta. Ndinausiya ulusi n'kuthamanga osatseka chitseko. Amayi anabwera atangomanga chitenje, ndipo atangomuona nkhope yawo inasintha. Amayi amasamalira anthu odwala tsiku ndi tsiku, amadziwa maonekedwe a thupi limene likugonja. Sananenenso za amphaka a kumudzi. Anangoti, "Tenga bokosi lake lomunyamuliramo. Fulumira." Anaitana takisi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo mwawo ananyamula mphaka pamiyendo.

Dokotala wa ziweto anali mtsikana wamng'ono thupi, wolankhula modekha. Anamutsegula Bwana pakamwa, natukula lilime, natiitana kuti tione. Ulusi uja unali utakulunga kunsi kwa lilime, utadula mnofu. Nsonga imodzi inakodwa pamenepo, inayo inadutsa m'mimba monse mpaka kumene ndinaikoka ine. Pofuna kuti timvetse, dokotala anagwira chingwe cha chipewa cha jekete yanga n'kuchikoka mbali imodzi. Nsalu yonse inakwinyana n'kuunjikana pamodzi. Anati matumbo amachita chimodzimodzi: amayesetsa kukankha ulusi, ulusiwo sukuyenda, ndiye matumbowo amakwinyana pa ulusiwo, ulusi n'kumawacheka m'kati ngati mpeni. Anatiuza kuti lilime la mphaka lili ndi timinga toloza kukhosi, choncho akayamba kumeza chingwe zimamuvuta kulavula. Anatinso ulusi ukaonekera, kaya pakamwa kaya kumbuyo, suyenera kukokedwa ngakhale pang'ono.

"Alipo amene anaukoka?" anafunsa.

Ndinakweza dzanja ngati ndili m'kalasi. Sanandidzudzule. Anangogwedeza mutu n'kulemba. Ndikanakonda akanandikalipira.

Panafunika opaleshoni tsiku lomwelo, ndipo dokotala anati sangayambe asanalankhule ndi mwini mphaka, popeza panalibe chitsimikizo chakuti Bwana adzuka. Foni imene tinakana kuimba nkhani idakali yaing'ono tinaiimba tsopano, itakula. Ku Chipata anali madzulo. Anti anayankha isanalire kawiri. Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka azimayi akuimba nyimbo ya maliro, kenako phokosolo linachepa, kusonyeza kuti atuluka panja. Amayi anayamba ndi kupepesa monga mwa mwambo, koma Anti anawadula.

"Amake Tadala, ni Bwana?"

Amayi anafotokoza zonse.

"Wameza liti?"

"Loweruka, asisi."

"Loweruka. Lero ni Lachiwiri."

Ndinkamva tambala akulira kutali m'fonimo.

"Mupatseni foni dokotala," anatero Anti.

Sindinapite kusukulu tsiku limenelo. Tinakhala pamipando yapulasitiki m'chipinda chodikirira, pakati pa fungo la mankhwala ndi agalu. Amayi anatseka maso milomo ikuyenda. Ndikukhulupirira kuti ankapempherera mphaka, ngakhale sanavomerepo. Dokotala atatuluka anati Bwana wapulumuka, koma matumbo anali atabooka malo angapo, ndipo chigawo china anachidula n'kulumikiza zotsalazo. Ndinafunsa funso limene linkandidya: tikanabwera Loweruka lomwe lija? Anandiyang'ana mokoma mtima, koma sananame. Anati mwina akanautulutsa osadula kanthu.

Bwana anachirira m'nyumba mwathu, pasofa yomwe ija. Mimba yake inali yometedwa, yosokedwa, ndipo m'khosi anavala chinthu chapulasitiki chonga fanulo kuti asanyambite bala. Amayi ndi amene ankamumwetsa mankhwala, akumukalipira kuti, "Tsegula kukamwa iwe, usandichedwetse kuntchito."

Anti atabwerako anali atameta tsitsi, ataonda. Analowa kwathu asanatsegule n'komwe nyumba yawo. Anagwada pafupi ndi sofa, nayika chipumi chawo pamutu pa Bwana. Ine ndinaima pakhomo la kukhitchini. Ndinayamba kupepesa za ulusi, kuti sindinkadziwa, kuti ndinkangofuna kuti atuluke kunsi kwa bedi.

"Za ulusi zileke," anatero Anti. "Nanenso niliko na mlandu, sininakuuze. Uyu anadyapo kale labala wa tsitsi, ni wakuba wa tizingwe. Sunadziwe. Koma foni, Tadala? Sininakuuze kuti chilichonse?"

Amayi analowererapo. "Asisi, mwanayu anafuna kuimba. Ndinamuletsa ndine. Tinaona kuti si ulemu kukuvutitsani muli pamaliro."

Anti anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Sanakweze mawu.

"Namvetsa, Amake Tadala, na ine nakulira mwambo umeneo. Koma amayi anga anali atapita kale. Olo nilire bwanji, palibe chimene ninakachita. Uyu anali akali moyo."

Amayi anaweramitsa mutu. Ine ndinalira, koma sikuti chifukwa chakuti Anti anandikhululukira. Ndinalira chifukwa Amayi anasenza mlandu wonse, pamene ine ndinkadziwa mmene ndinapumira pobweza foni ija pathebulo. Ndinawauza onse awiri pomwepo, mawu akuduka. Anti anandikokera pachifuwa pawo n'kunena kuti, "Manje wadziwa."

Tsopano ndili m'chaka chomaliza cha sekondale. Bwana wakalamba, ndipo m'mimba mwake simunabwerere mwakale: amadya chakudya chapadera, akadya china chilichonse amatsegula. Ndikamuona akuvutika motero ndimadziwa gawo langa pa zimenezo, ndipo sindiyesa kulichepetsa. Ndikalowa m'nyumba ya mnzanga amene ali ndi mphaka, maso anga amayamba okha kufufuza pansi: ulusi, malabala a tsitsi, maliboni a mphatso, zingwe za nsapato. Ndimatola osapempha chilolezo, anzanga n'kumandiseka.

Ulemu umene Amayi anandiphunzitsa sindinautaye. Ndimadziwa kukhala chete pamaso pa wolira, ndipo ndimanyadira kuti ndikudziwa. Koma ndaphunzira kudzifunsa, nthawi iliyonse ndikafuna kusunga nkhani yoipa kuti ndisavutitse munthu, kuti kodi ndikuteteza iyeyo kapena ndikudziteteza ndekha. Chinthu chikakhala kuti chidakali moyo, ndipo mwini wake angathe kuchipulumutsa, ndimaimba foni ngakhale ndili ndi mantha.