Ngala za mapira a amayi anga pa tsindwi la alamu

Senderani kuno ana inu, musakhale kutali ngati alendo, makutu anga ndi mawu anga zonse zikutha. Ndikuuzeni za mapira oyera aja mumadya, kuti mudziwe kumene anadzera.

Mbewu imeneyo ndinachoka nayo kwathu nditaimanga pa nsonga ya chitenje, pamene ndinkakwatiwa ku Chipangali. Anandipatsa amayi anga. Anthu onse kumeneko anali atathamangira chimanga cha feteleza, mapira atatsala kwa ife awiri, ine ndi alamu anga, mlongo wa agogo anu aamuna. Minda yathu inagundana malire. Iwo ankalima ofiira aja owawa, a thobwa ndi mowa. Anga anali oyera, okoma, oti chaka cha chilala chimanga chikapsa, ana anga ankagona atadya.

Alamuwo sindinkawakhulupirira. Anali munthu woseka nthawi zonse, ndipo maso awo ankafika m'nkhokwe mwako moni usanathe. Kawiri konse anandipempha mbewu yanga, ine n'kuwayankha kuti yangokwanira. Ndinkati mumtima, akaitenga aisakaniza ndi yofiira ija, mbewu ya amayi anga ithere mu mowa.

Chaka china mvula inayamba msanga. Mbewu inali itandichepera, anankafumbwe atadya yambiri, moti yotsala inangodzaza kambale kamodzi. Alamu anabwera pakhomo.

"Alamu, musabzale msanga. Tidikire, tibzale tsiku limodzi."

"Chifukwa?"

"Mbalame. Anu akacha okha, mpheta zonse za dziko lino zidzachitira ukwati m'munda mwanu."

Ndinavomera pakamwa pokha. Mumtima ndinkati, mayiyu akufuna ndichedwe, mvula ikadukiza ndidzakhale wopempha pakhomo pake. M'mawa mwake ndinatenga khasu, ndikuuza anthu kuti ndikukazula mbatata, n'kukabzala mbewu yonse, osasiyako ndi kambewu kamodzi.

Anamera bwino, ana inu. Anatalika kundipitirira, ngala zake zolemera ngati dzanja la mwamuna. Mapira a alamu anali asanatulutse ngala n'komwe. Ndiye mpheta zinabwera. Ndinamanga nsanja, ndinapachika zitini pa chingwe, ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Ukazithamangitsa uku, zatera uko. Munda wa alamu, wongodumpha mzere umodzi, osateramo ndi imodzi yomwe.

Ndinawauza agogo anu kuti, "Mlongo wanu wazituma mbalamezi."

Iwo akusema mpini anangoti, "Mlongo wanga sangatume ngakhale nkhuku yake kuti ichoke pa mphasa. Mbalame azitume bwanji?"

"Nanga bwanji kwake sizikutera?"

"Kwake kuli chiyani choti zidye? Masamba?"

Mwamuna pa nkhani ya mlongo wake samva.

Tsiku lina ndinapita ku maliro kutsidya kwa dambo, munda n'kukhala wopanda munthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pobwera ndinadzera kumunda. Mbalame zinali zitamaliza ntchito, ngala zangotsala mankhusu. Koma pakati pa munda, pamene panali ngala zoyamba kukhwima, zimene ndinkaziyang'anira kuti zikhale mbewu, ndinapeza mapesi odulidwa. Odulidwa bwinobwino, mopendeketsa. Ndinagwira pamene anadulapo, ndinati mpheta yokhala ndi mpeni sindinaionepo. Pansi panali mapazi a munthu wopotoka chala chachikulu, ndipo chala chimenecho m'mudzi monse chinali cha munthu mmodzi.

Sindinadzere kunyumba. Ndinafika kwa alamu osaodira, n'kulowa m'khitchini mwawo. Nditakweza maso, ngala zanga zoyera zili lende pa tsindwi, zomangidwa ndi luzi, utsi ukuzifukiza.

Alamu analowa pambuyo panga ali ndi mtsuko pamutu.

"Mwaziona? Tsitsani mtima, alamu, mungagwe."

"Mwandibera mbewu ya amayi anga."

"Ndakuberani kapena ndabera mpheta? Mukanapeza chiyani lero? Munthu kupita kukalira maliro a eni, kusiya maliro m'munda mwake!"

"Bwanji osandiuza?"

"Inu munandiuza tsiku lobzala? Paja munkakazula mbatata."

Anatula mtsuko, anakwera pa mtondo, n'kumasula mtolo uja n'kundipatsa m'manja. Akuseka, monga mwa masiku onse.

Chaka chimenecho tinadya mapira ofiira a alamu, owawa kukhosi, ana akukwinya nkhope. Mvula yotsatira ndinabzala tsiku limodzi ndi iwo, mbalame zinagawikana minda, ndinakolola. Koma tamverani. Ngala zitatuluka, kumapeto kwa munda wa alamu, kuseri kwa chulu kumene sikuoneka uli panjira, kunali mizere ya mapira oyera.

"Alamu, awa achokera kuti?"

"Mwina mbalame zinagwetsa," anatero, osaphethira n'komwe.

Mbalame zobzala m'mizere! Ndiye mpaka lero sindidziwa. Kodi ndikanapanda kulowa m'khitchini muja tsiku lomwelo, mtolo uja ukanabwera pakhomo panga? Agogo anu ankati ukanabwera. Ine ndimati mwina theka.

Patapita zaka, denga la khitchini yanga linadontha, mbewu yanga yonse inachita nkhungu. Ndinayenda ndi manyazi kupita kwa alamu. Anandidzazira lichero la oyera okhaokha, osasakaniza ndi ofiira ngakhale kambewu kamodzi, n'kuti, "Zija zinagwetsa mbalame zija." Amenewo ndi amene mukudya inuwa.

Agogo anu aamuna anatisiya chaka chimene tinafolera nyumba ndi malata, akukanabe kuti mlongo wawo sanabe. Alamu maso anachita khungu, mwana wawo anawatengera ku tauni, ku Nabvutika, kumene amakhala pakhonde n'kumafunsa aliyense wochokera kumudzi ngati mapira acha. Munda wawo analowamo mdzukulu wawo, wabzalamo soya. Ine ndine ndatsala ndi mbewuyi. Chaka chilichonse ndimawatumizira alamu kathumba ka ufa woyera, koma ngala za mbewu ndimazimangirira ndekha pa tsindwi, ndipo khitchini ndimatseka ndi loko.