Madala Okana Kamera

Madala oyandikana nyumba ndi Thokozile ku Nangongwe, amene anapuma ntchito ya njanji, safuna kuona kamera. Mtsikanayo akamayeserera kujambula kumene akuphunzira ku koleji, iwo amabisa nkhope ndi chipewa. "Anzanga bonse bamene munakopa, masnapu yao yanayenda pa mabokosi ya malilo," amatero.

Tsiku lina m'mawa madalawo anamuitana atavala jekete ndi tayi, ataonda, akupuma movutika.

"Thoko, bwela unikope. Ichoke bwino, wamvela?"



"Agogo, batili yasila," ananama Thokozile, ngati kuti kamera yatha moto.

"Basi, mailo," anatero madalawo, kutanthauza mawa.

Patha milungu iwiri akunamabe. Kukacha, Thokozile amatsamira khoma n'kumamvetsera, mpaka atamva madalawo akutsokomola.