Mphini za pamsana wa ba mlamu

Zaka zija unga unkasowa m'mashopu, ine ndinkakhala ku komboni ya Matero kwa ba sisi. Sukulu ndinali nditaisiyira mu giredi seveni chifukwa cha ndewu, choncho ntchito yanga pakhomo inali imodzi: kuthamanga. Mbiri ikangomveka kuti lole ya unga yaima pashopu, ndinkaliyatsa liwiro, kudumpha ngalande, kufika laini isanakhote pakona.

Koma kufika si kugula. Chitseko ankatsegula pamene afunira okha, nthawi zina dzuwa litapendeka. Ine ndikaima pang'ono miyendo inkanjenjemera mpaka ndikhale pansi, ndipo ukakhala pansi pa laini anthu amangokulumpha.

Ondilandira malo anali ba mlamu, amuna a ba sisi, munthu woonda ngati bango, mlonda amene ntchito inamuthera kampani itatsekedwa. Kuthamanga sankatha. Ankabwera akukoka mapatapata, kundigwira paphewa n'kundiyamika kuti, "Wasebenza, mlamu," basi aima. Ndipo akaima, aima: m'mawa mpaka madzulo, osatsamira khoma, osasintha mwendo. Zimenezi zinkandidya. Phala tadya limodzi, mphamvu azitenga kuti?

Tsiku lina akusamba kuseri kwa nyumba ndinaona mphini pamsana pawo, mizere iwiri yakuda kutsika m'mbali mwa fupa. Mtima unangoti myuu. Ndiye kuti dzanja lija lapaphewa ndilo linkakoka mphamvu zanga! Ndinasiya kudya nawo mbale imodzi. Ba sisi anaona msanga.

"Iwe," anatero, "ukayambitsa va ufiti pano, unyamule chola chako. Nyumba ino ni ya ba mlamu bako."

Kwina kopita ndinalibe. Ndinadzigwira masiku angapo, koma mtima wanga ndi wa pafupi.

Zinaphulikira pa laini pomwepo. Ba mlamu atatambasula dzanja, ndinalimenya.

"Musanigwire! Naviziba vimene muchita. Mphini zija ni za chani?"

Anthu onse anatembenuka. Mayi wina wobereka mwana anakuwa, "Mfiti pa laini ya unga? Ailoze shopu itseguke, tifa na dzuwa!" Anthu anaseka. Ba mlamu anangoyang'ana pansi.

Kumbuyo kwathu kunali mdala wina amene kale ankagwira ntchito kuchipatala, yowongola miyendo ya anthu ofa ziwalo. Anandikoka malaya.

"Mwana wanga, mphini zikanakhala zoimika munthu, sembe ine ninatema thupi lonse. Mvera. Mu msana muli mitsempha imene ituma minofu. Ina ni ing'onoing'ono, siivuta kuuka, isebenza pang'onopang'ono tsiku lonse, na minofu yake siilema. Ndiye imene ikuimika. Ina ni ikuluikulu, igona tulo mpaka ufune kudumpha ngalande. Iuka na ukali, koma minofu yake ilema msanga. Tonse tili nayo yonse, koma osati mofanana. Iwe wazolowetsa yaukali. Aba baima zaka zingati pa geti?"

"Boza," ndinatero.

"Ona nkhuku. Mwendo nyama ni yakuda chifukwa uima tsiku lonse. Pachifuwa ni poyera, iuluka kamodzi yagwa."

"Nkhuku tinaiona liti, imwe batate?" anafunsa mayi uja, anthu n'kusekanso.

Ine sindinaseke. Ndinkamuyang'ana mdalayo m'maso kuti ndione ngati atsinzinirana ndi ba mlamu. Munthu wabwino angadziwe bwanji za m'kati mwa msana wa mnzake? Ndinachoka, ndinakazungulira kumsika mpaka dzuwa litapendeka.

Nkhani inandiyambirira kufika kunyumba. Ndinapeza chola changa chili panja, ba sisi ataima pakhomo manja m'chiuno.

"Mphini zija anabatema ni amai bao chifukwa cha msana kubaba," anatero. "Ndipo sizinathandize, nimabathowa ine. Wabachititsa manyazi pa banthu. Yenda."

Nthawi yomweyo ba mlamu anatulukira ndi thumba la unga pamutu. Analitula, anayang'ana chola, anayang'ana akazi awo.

"Akachoka uyu, azathamanga ndani? Ine?"

Ananyamula cholacho okha n'kulowa nacho. Ndinawatsatira m'nyumba osapepesa.

Lole itabweranso ndinathamanga monga kale, koma ulendo uno ndinali tcheru ndi miyendo yanga. Inayamba kunjenjemera ba mlamu akali kutali, mapatapata asanamveke n'komwe. Atafika anazengereza, dzanja lili m'malere. Ndinasendeza phewa, anandigwira.

Mbale yokha ndinadyabe yangayanga mpaka mvula itagwa.