Makobiri anayi a m'kilatchi

Mthuthuthu woyamba kulowa m'mudzi mwa akazi anga ndinaulowetsa ndine. Wokana abwere tikambirane. Ndinali mkamwini, wolima munda wa eni, wogona pamalo a eni, koma tsiku limene ndinatulukira pamigwalangwa paja utsi ukufuka m'mbuyo, ngakhale apongozi anaiwala manyazi natuluka kudzaona.

Kanali kanjinga kakang'ono, kofiira, kogula kwa mlangizi wina amene ankasamuka. Ntchito yake inali imodzi: matemba ouma kuchokera ku Kachulu kupita ku Zomba. Anzanga ankapalasa njinga tsiku lonse. Ine dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditafika kale pachipata cha msika, ndaonetsa khadi kwa anyamata a chipani, ndamasula katundu.

Dengu limodzi linayamba kundichepera. Ndinamanga awiri, kenaka atatu. Pamenepo kilatchi inayamba kuterera. Kwa inu amene simunatsegulepo injini, kilatchi ndi timbale tokhala m'mimba mwake, topanidwa ndi masipuling'i anayi kuti mphamvu ifike ku tayala. Mukakoka chogwirira cha kumanzere, waya amatilekanitsa, inu n'kulowetsa giya. Tsono kanga, pamchenga kapena pachitunda, injini inkangokuwa ngati mbuzi yapachingwe, tayala osasuntha, fungo ngati nsanza yopserera.

Mchimwene wa akazi anga, mwini mbumba, ankayendetsa injini ya chigayo. Anali munthu wochepa thupi, wolankhula motsitsa, woti sukulu anapita ndithu. Kukwera ankadziwa, ndinawaphunzitsa ndine. Anamvetsera kulira kwa injini kuja, nati:

"Alamu, kanjinga aka sikakudwala ayi. Kakulemedwa. Tsitsani dengu limodzi."

"Ndi dengu lanu kodi?"

"Buku lake likunena za kulemera kwa katundu."

"Bukulo linanyamulapo matemba?"

Anangoseka pang'ono. Timbale tatsopano zaka zimenezo kunali kufunsa sitolo ndi sitolo, yankho limodzi: bwerani mwezi wamawa. Koma ine ku migodi ya ku Joni ndinaona nzeru ina. Sipuling'i ikatopa, umaiikira washala, kachitsulo kobowoka pakati, kumbuyo kuti ikankhe mwamphamvu. Vuto linali washala wake. M'mudzi monse munalibe.

Mwana wathu woyamba anali wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkamutcha kamayi, chifukwa mphuno ndi mayendedwe anatengera mayi anga. M'khosi mwake ankavala makobiri akale aja obowoka pakati, amene anasiya kugwira ntchito ndalama zitasintha. Agogo ake anamutungira pa ulusi, anayi, ndipo akamathamanga ankalira ngwe ngwe, moti tinkadziwa kuti ali kuseri kwa nkhokwe tisanamuone.

"Kamayi, ndibwerekeni mkanda wanuwo."

"Mukufuna muvale, ababa?"

"Ndikufuna ndidyetse njinga. Ndikugulirani mikanda yeniyeni ku Zomba, yofiira."

Anaganiza kaye ngati munthu wamkulu, kenaka anavula yekha.

Ntchito ija ndinaigwira bwino, izi ndinena mpaka kumanda. Ndinagoneka njinga pamphasa, ndinakhuthulira oilo m'mbale, ndinatsegula chivundikiro cha kumanja. Makobiri anali otambalala kwambiri, ndiye ndinawapala ndi tupa masiku awiri, lililonse mpaka litakwana m'malo mwake ngati linabadwira momwemo. Timbale ndinatikwecha pamwala wosalala kuchotsa kunyezimira. Ndinamanga mabawuti mosinthanitsa, ili kenaka la moyang'anana nalo, monga amachitira odziwa.

Alamu anaima pambali akuona zonse. Nditatseka anagwira chogwirira chija nayesa kukoka. Chinangosuntha pang'ono.

"Mphamvu imene mwaika mkatimu idzatulukira penapake," anatero. "Waya uyu ndi wakale."

"Waya ndi wachitsulo, alamu. Chofooka ndi dzanja lanulo."

M'mawa mwake kanjinga kanakwera chitunda ndi madengu atatu osakhosomola n'komwe. Ku Kachulu inasanduka nkhani. Asodzi, amuna okoka makoka, ankabwera mmodzimmodzi. Ine: "Kokani tione!" Munthu n'kukukuta mano, mitsempha tolotolo m'khosi, chogwirira kufika theka. Ine n'kukoka ndi dzanja limodzi kwinaku ndikusuta fodya. Ndinkafuula kuti gombe lonse limve: "Kameneka kamadziwa mwamuna mmodzi!"

Akazi anga sanaseke nawo. Tsiku lina akupeta mpunga anati, "Abambo, chinthu cha pakhomo chizigwirika ndi anthu awiri." Ndinawayankha kuti mtondo wawo sindinaukhudzepo, nawonso asiye zanga.

Mikanda yofiira ndinkaiwala ulendo uliwonse. Mwana ankandichingamira pamigwalangwa, maso ali m'thumba la malaya anga. Ine: "Mawa, kamayi."

Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri. Tsiku lina pagombe ndinatola mlamba wamoyo m'bwato kuti ndionetse anthu kukula kwake. Unapiringizika, munga wake n'kulowa pachikhato cha kumanzere mpaka mkati. Pofika tsiku lachitatu dzanja linali litatupa ngati papaya, zala osapindika. Lomwelo la kilatchi.

M'mawa wa tsiku limenelo mwana, amene anagona masiku awiri thupi likutentha, anayamba kukomoka. Maso anatembenuzika, miyendo gwa. Amayi ake anakuwa, anthu anathamanga. Chipatala cha mishoni chinali kutali, koma pa kanjinga kaja panali pafupi. Ndinakaliza ndi phazi, kanalira kamodzi. Ndinaika dzanja pachogwirira. Abale, ndinakoka mpaka mafinya anaphulika, misozi n'kutuluka, koma chogwirira sichinasunthe.

"Tsikani, alamu," anatero alamu anga. "Mwanayu ndimutenge ine."

Anakoka ndi manja awiri, ine n'kuwapondera giya. Akazi anga anakhala kumbuyo mwana ali pachifuwa. Ananyamuka modumpha. Ine ndinawatsatira wapansi, ndikuthamanga, dzanja nditalikweza m'mwamba.

Msewu wa dzinja ndi matope okhaokha, ndipo m'matope kilatchi sipumula: koka, siya, koka, siya. Mkukuluzi wa tayala ndinkauona ukukhotakhota, ndipo malo awiri ndinaona pamene anaima n'kuyambanso. Kulira kwa injini ndinkakumva patali. Kenaka sindinakumvenso.

Ndinakapeza kanjinga kali chigonere m'mbali mwa msewu, pafupi ndi minda ya mpunga ya ku Likangala. Ndinagwira chogwirira ndi chala chimodzi cha dzanja lamanja. Chinangobwera, lobodo, chopanda mphamvu. Waya anali ataduka pamutu penipeni, timaulusi take tili nyankhalala. Pamatope panali mapazi ambiri, kuonetsa kuti anayesa kukankha kuti kalire kali m'giya, koma munthu mmodzi wochepa thupi, m'matope, sakanatha. Kuchokera pamenepo mapazi a anthu awiri ankapitirira kutsogolo.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, denga la chipatala likuoneka patsidya pa dambo. Akazi anga anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, mwana atamufunda chitenje mpaka kumutu. Alamu anali ataima, chikhato chawo chikuchucha magazi pamene chogwirira chinawadula. 

Anthu anandiuza kuti malungo a mtundu umenewo amatenga mwana ngakhale pabedi la chipatala. Abusa anatero, apongozi anatero. Kapena n'zoona. Ine chimene ndikudziwa n'chakuti waya uja, pa masipuling'i ake akale, akanafika.

Pamaliro ndinadikira mawu a mwini mbumba. Mwana anali wa mbumba yawo, ine mkamwini chabe. Akananena kuti ndinyamule zanga ndibwerere kwathu, palibe akanawatsutsa. Sananene. Ngakhale mawu oti "ndinakuuzani" sananene, kufikira tsiku limene tinawaika iwonso.

Titameta, dzanja litaphwa, ndinagonekanso njinga pamphasa. Alamu anabwera osaitanidwa, nakhala pansi, nagwira mbale ya oilo. Ndinamasula mabawuti anayi, ndinatulutsa makobiri anayi. Anali akuda, ang'onoang'ono, opindika pang'ono ndi kupanidwa. Nditatseka ndi kuika waya wina, ndinati:

"Alamu, kokani."

Anakoka ndi zala ziwiri.

"Itananinso alongo anu."

Akazi anga anabwera, anapukuta manja pachitenje, anakoka. Chogwirira chinabwera. Sanandiyang'ane. Anatambasula dzanja, ine n'kuikamo makobiri aja. Anawatsuka ndi phulusa, anawatunga pa ulusi watsopano, nakawapachika pamsomali wa kuchipinda, pamwamba pa mphasa imene mwana ankagona.

Kanjinga ndinakayendetsa zaka zina zambiri, ndi dengu limodzi. Anyamata a pagombe ankandiseka kuti ndakalamba msanga. Mikanda yofiira ndinagula ulendo woyamba umene ndinabwerera ku Zomba. Ndinafika nayo mpaka pamigwalangwa, ndinaima, injini ikulira, ndipo sindinadziwe woti ndimupatse.