Ndalama ya Siliva ya Atate

Ndinadzuka kusanache, msana utauma ndi simenti ya m'chipinda momwe tinachezera ndi mtembo wa atate. Amayi a mvano anali atasasa mawu. Panja nkhuni zaziwisi zinkangofuka, ophika akupemerera moto uku akudandaula za mvula ya dzulo lake.

Adzukulu ananyamuka ndi makasu kulowera ku famu ya fodya, kuseri kwa Chiparamba. Manda akale a mudzi wathu ali mkati mwa waya wa famuyo, ndipo malemu amayi anga anagona komweko. Atate anagwira ntchito pafamupo mpaka maso anachita khungu. Mzungu wawo pochoka sanawapatse penshoni. Anawapatsa ndalama imodzi yasiliva, yosagula ngakhale mchere, yokumbukira mzungu mnzake wandevu amene akuti ndiye anatulukira dziko lino, ngati kuti makolo athu ankakhala m'mitambo. Anawauza kuti akadzaionetsa pageti adzawatsegulira tsiku lililonse. Atate anakhulupirira. Ankaitsuka ndi phulusa, ndipo ine mwana wawo wamkazi anandilumbiritsa kuti ndidzawagoneka pambali pa mkazi wawo.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena palole kuchokera ku Kapata. Pakati pawo ndinaona adzukulu akubwerera, makasu ali oyera. Mlonda anali atawabweza.

Ndinamasula ndalama ija pakansalu kake, ine ndi amalume n'kupita kugeti. Manijala wa mwini famu watsopano, munthu wakuda ngati ife tomwe, anaitembenuza, n'kuwerenga chizungu cholembedwapo akumwetulira.

"Amayi, ichi n'chikumbutso chabe, si tikiti. Koma ngati mukugulitsa, abwana amasonkhanitsa zoterezi."

Amalume anavula chipewa n'kugwada m'matope, kupempha dzenje limodzi lokha. Anayankhidwa kuti chigulu cha anthu chingaponde fodya. Ndinawadzutsa ndekha, n'kutenganso ndalama ija.

Tinanyamula maliro masana, mvula ikuwaza, kupita ku manda atsopano a m'mbali mwa msewu, pamiyala pomwe adzukulu anakumba mothamanga. Abusa anatamanda atate kuti anali wantchito wokhulupirika, ndipo mawuwo anandilasa. Bokosi litatsitsidwa, azakhali anandinong'oneza kuti ndiponyemo ndalamayo, poti mwini wake ankaikonda.

"Alephera kugona pambali pa amayi, ndiye agone ndi wandevuyu?" ndinatero, n'kuponya dothi lokha.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Pabwalo panatsala phulusa lonyowa ndi mabenchi a kutchalitchi. Nditakhala patebulo la atate, linagwedera monga mwa masiku onse, poti mwendo umodzi ndi waufupi. Ndinagwada n'kulowetsa ndalama ija pansi pa mwendowo, nkhope ya wandevu itayang'ana pansi. Tebulo linakhazikika. Zaka zonsezi, ntchito yokhayo ndi imene ndalamayo yagwira m'nyumba muno.