Alamu Anathamangitsa Nyimbo Yanga

Amene anandilakwira ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, omwe ali ndi situdiyo kuseri kwa malo ometera tsitsi ku Luchenza. Ndinawapatsa nyimbo yanga yoyamba, imene ndinapekera amayi, kuti angoijambula mmene ndinaiimbira. Iwo anaithamangitsa, anaithira ng'oma za pakompyuta, anasalaza mawu anga mpaka kumveka ngati kachidole, kenako n'kuikamo dzina la situdiyo yawo katatu konse. Anachita izi osandifunsa, ndipo ine ndinakazimvera pamaso pa gulu lonse la otchola tiyi.

Koma ndiyambe ndi kumene nyimboyo inachokera.

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Sikuti mutu unkakana ayi. Aphunzitsi ena ananena m'kalasi kuti ana a otchola tiyi mitu yawo ndi madengu, amathiramo zinthu m'mawa, masana akhuthula. Ndinagenda dasitala pabolodi n'kutuluka, ulendo wake womwewo. Mtima wanga ndi wapachala, zimenezo sindikana. Nditakula ndinalowa m'gulu la amayi pa esiteti, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, mzere wanga moyandikana ndi wawo.

Pasikelo, pomwe timayeza masamba masana, panali akalaliki ochokera ku Kasungu, achinyamata ndithu koma a mapepala awo. Tikamadikira thirakitala ankatsegula nyimbo pafoni. Tsiku lina, kuli chiperoni, tonse titaunjikana pansi pa malata, ndinamva mawu amene anandiimika ndi chinangwa kukamwa. Munthu mmodzi yekha, kagitala pansipansi, akuimba mosafulumira, mawu osasa ngati wangomaliza kulira.

"Akalaliki, ameneyo akudwala chifuwa?" ndinafunsa.

"Chifuwa chanji? Ndi mmene amaimbira ameneyo. Anthu amadzadza holo kudzamva zimenezo."

"Kudzamva munthu wosasa mawu? Ndiye akapitawo athuwa akanakhala otchuka kalekale!"

Azimayi anafa nacho chikhakhali, akapitawo n'kundiloza ndi ndodo. Koma ine ndinali nditagwidwa kale. Ndinawauza akalaliki kuti abwereze, kenako abwerezenso, mpaka thirakitala inafika.

Woimbayo anali mnyamata wa ku Mangalande, wamsinkhu wanga womwewu. Chingerezi changa ndi cha pasikelo, ndiye akalaliki ndiwo ankandimasulira. Anandiuza kuti naye sukulu sanapite nayo patali. Ankatsuka mbale pamalo ena odyera, akaweruka n'kukaima pamsewu ndi gitala. Nyimbo ankalemba yekha, za anthu a m'nyumba mwake momwemo. Yoyamba anaijambula atakhala pabedi m'chipinda chake, ndipo mu vidiyomo mumaoneka zovala zopachika pachitseko. Abale inu, mtima unadumpha! Ine ndinkayesa oimba a kunja amabadwira m'magalimoto.

Kuyambira pamenepo ndinkamutsata ngati mbale wanga wa ku Khonjeni. Akatulutsa nyimbo, ndinkathamangira pasikelo dengu lisanadzadze n'komwe. Atayamba kuimba m'maholo akuluakulu ndinalengeza m'mizere monse ngati ndine ndaitanidwa. Amayi ankangoti, "Iwe, mzungu wakoyo akudziwa kuti uliko?" Vidiyo imene inandimaliza ndi ina imene ali pamaso pa chinamtindi cha anthu, magetsi mbee, iye yekha ndi gitala lomwe lija. Atafika pamwamba penipeni pa nyimbo, mawu anamuthyokera. Sanabise, sanayambirenso. Anapuma mpweya womveka mpaka m'foni, napitiriza. Holo yonse zii, kenako kuphulika.

Ndinafunsa akalaliki, "Sanamukuwize?"

"Ayi. Pamenepo ndi pamene pali nyimbo."

Ndinabwerera kumzere ndili wosangalala kwambiri. Ine mawu anga ndi osasa chibadwire, kukwaya anandibweza kawiri. Tsopano ndinadziwa kuti mawu otere ali ndi ntchito yake.

Nyimbo yanga ndinaipeza m'manja mwa amayi. Wotchola tiyi amatchola ndi manja onse awiri, kutchola katatu kapena kanayi, n'kuponya kumsana, masamba awiri ndi kansonga, osaposa. Amayi ali achitsikana amati ankasiya gulu lonse m'mbuyo. Chaka chimenecho manja anali atayamba kuzengereza. Zala zakuda ndi utomoni wa tiyi, zong'aluka m'mphepete, ziwiri zokulungidwa ndi kansanza. Ulusi pasingano ndinkawalowetsera ine. Anali atanena kale kuti nyengo ikatha atula pansi dengu, abwerera kwa Mphuka kukasamala kamunda kawo. Ine pambali pawo ndinayamba kung'ung'udza motsata manja awowo, osati anga. Iwo akatchola, ine mawu. Iwo akaponya, ine kupuma.

*Zala izi zinandilera,*
*zakuda, zong'aluka.*
*Masamba awiri ndi kansonga,*
*mwana adye, mwana avale.*
*Amayi pumulani, dengu ndasenza ine.*

Pa "pumulani" mawu amakwera, ndipo nthawi zonse ankandithyokera pomwepo. Poyamba ndinkakwiya. Kenako ndinakumbukira mnyamata uja, ndikuti iyayi, pakhale chonchi.

Gulu lathu lili ndi chizolowezi. Munthu amene watchola zaka zambiri akamasiya, Loweruka lomaliza tikatha kuyeza sitibalalika. Timakhala pansi pa malata a pasikelo, akapitawo amanena mawu awiri atatu, wina amamulandira dengu, azimayi n'kumuperekeza ndi nyimbo mpaka kumsewu. Ndinafuna kuti tsiku limenelo amayi amve nyimbo yawo ikutuluka m'sipikala ngati za pawailesi, adziwe kuti mwana wogenda dasitala uja wapangako chinthu.

Lamulungu ndinakwera kabaza mpaka ku Luchenza. Alamu anandilowetsa m'kachipinda kokhomedwa mathireyi a mazira m'makoma, anandiveka zomvera m'makutu. Nditamva mpweya wanga womwe ukubwerera m'makutu mwanga ndinaseka ngati wamisala. Ndinayamba kuimba. Ndisanafike pakati anaimitsa.

"Alamu, kwagwa maliro kumalayini kwanu ku esiteti?" anandifunsa.

"Maliro a ndani?"

"Nyimbo iyi mukamamaliza ine ndikhala nditamera imvi. Tathamangani pang'ono, magetsi awa sadikira munthu."

"Alamu, inu dinani batani. Kuimba musiyire eniake."

"Eniake! Dzana lomweli munali kundipempha malaya a paukwati."

Tinaseka, poti ndi mmene timakhalira pachilamu. Ndinaimba katatu. Kachitatu mawu anathyoka bwino kwambiri pa "pumulani", mpaka ine mwini tsitsi linandiyimirira. Ndinavula zomverazo n'kuwagwira paphewa.

"Imeneyo! Musunge imeneyo. Mungoika kiyibodi pang'ono pansi pake, yofatsa. Liwiro musakhudze, mawu musakhudze."

"Ndamva, bwana woimba. Sindikhudza."

"Munditumizire pafoni ya akalaliki ndimve."

"Mukufulumira chiyani? Ndidzabwera nayo ndekha Loweruka, ndi sipikala yomwe."

Sabata imeneyo sindinaponde pansi. Ndinauza alonda a pageti, ndinauza woyendetsa thirakitala, ndinauza ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa pamphambano. Amayi anga ndinangowauza kuti ndawapekera kanthu, osawauza mawu ake. Anandiyang'ana m'mbali n'kunena m'Chilomwe kuti bola ndisawachititse manyazi.

Loweruka kunacha bwino, dzuwa lowala, tiyi wobiriwira mpaka kumapiri. Titayeza komaliza, alamu anatulukira pa njinga yamoto, magalasi akuda kumaso, chisipikala atachimanga ndi mphira kumbuyo. Achemwali anali atafika kale. Akapitawo analankhula. Mayi wina analandira dengu la amayi. Ndinaimirira n'kunena kuti, "Amayi, iyi ndi yanu." Alamu anadina.

Chimene chinatuluka ndi ng'oma. Du du du du, yothamanga ngati minibasi yolimbirana anthu pasiteji. Kenako mawu a alamu eniake, kukuwa dzina la situdiyo yawo. Kenako kamawu kena kosalala, kopyapyala, kakumeza mawu anga onse osatafuna. Pa "pumulani" panalibe chothyoka chilichonse. Anapasita ngati kolala ya malaya.

Choipa kwambiri n'chakuti anthu anaikonda. Azimayi anadzuka, zitenje m'chiuno, fumbi kobo. Akapitawo anavina ndi ndodo yawo. Amayi anga omwe anakokeredwa pakati, akuseka, akugwedeza mapewa. Alamu ankandiyang'ana akukweza chala chachikulu. Ine makutu anatentha. Sindikudziwa kuti ndodo yoyezera msinkhu wa tiyi inafika bwanji m'manja mwanga, ndinangozindikira ndikulunjika pasipikala. Akalaliki anandigwira mkono.

"Achimwene, achimwene! Sipikalayo ndi yobwereka kutchalitchi."

"Ndisiyeni!"

"Dikirani ithe. Mmene ikuthamangiramu sichedwa."

Ndipo sinachedwedi. Nyimbo imene ndinkaiimba mzere wathunthu inatha anthu asanatuluke thukuta lokwanira. Anaomba m'manja, nthungululu. Amayi anakhala pansi akudzipukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Yabwino, yovinika," anatero. "Tsono yako ija ili kuti, umati wandipekera?"

Alamu anaseka. "Ndi yomweyo, amayi! Ndi mwana wanu ameneyo."

"Iyayi apongozi, musandinamize. Mwana wanga mawu ake ndimawadziwa, ndinayamba kuwamva ali wamaliseche. Amene uja si iye. Komanso amati chiyani? Ine ndangomva dzina la shopu yanu."

Anthu anaseka, alamu anavula magalasi. Ine ndodo inagwa yokha. Ndinakwera pa thabwa la sikelo, pomwe timapachika madengu.

"Khalani pansi nonse," ndinatero. Ngakhale akapitawo anakhala.

Ndinayamba. Popanda kiyibodi, popanda chilichonse. Mzere woyamba unatuluka mwaukali ngati ndikukalipira munthu. Wachiwiri unafatsa. Pa "masamba awiri ndi kansonga", mayi amene analandira dengu uja anayamba kuligunda ndi zala, katatu n'kupuma, katatu n'kupuma. Anazindikira! Anamva kuti ndi katcholedwe. Wina anatsatira, kenako wina, mpaka madengu onse a pansi pa malatawo ankayenda ndi ine, mosafulumira, pa liwiro la manja a amayi. Ha, chimwemwe chake sindingachifotokoze. Ndinamva ngati thabwalo landinyamula.

Amayi poyamba anabisa manja m'chitenje. Nditabwereza za zala zakuda, anawatulutsa, anawaika pamaondo, nayamba kuwayang'ana ngati akuwaona koyamba. Ndinafika pa "pumulani". Mawu anathyoka kuposa ku situdiyo, anathyokeratu, ndinachita kuima. Palibe anaseka. Ndinapuma mpweya wonse umene unali ku Thyolo, n'kumaliza.

Ulendo wachiwiri azimayi anandilandira okha. "Dengu ndasenza ine," gulu lonse, ena akulira, ena akuseka, woyendetsa thirakitala akuimba besi yolakwika kumbuyo. Akalaliki ankajambula pafoni akukuwa kuti, "Ndi zimenezo! Ndi zimenezo, achimwene!" Amayi anaimirira, anabwera pasikelo, anandigwira kumaso ndi zala zomwe zija, zokhakhala ngati khungwa.

"Ameneyu ndiye wanga," anauza gulu. "Wosasa yemweyu."

Ndinatsika ndikuseka ndi misozi yomwe. Anthu anayamba kukonzeka kuwaperekeza kumsewu. Pamenepo alamu anandikokera pambali, maso akuwala, akundisisita pamsana.

"Alamu, iyi ndi golide! Lolemba mubwere tijambulenso, titenge ndi azimayiwa. Tingoonjezera kang'oma pang'ono chabe, tikweze liwiro kuti izivinika m'mabala, basi."

Ndinachotsa dzanja lawo pamsana panga. Sindinakuwe, ndipo mpaka lero ndimadzidabwa. Ndinalankhula momveka kuti achemwali, akapitawo ndi gulu lonse amve.

"Alamu, amayiwa athamanga m'mizere kuyambira ine ndisanabadwe. Lero ndapeka nyimbo yoti ayende pang'onopang'ono, inu mwawathamangitsanso. Tulutsani foni, mufufute yanu ija ine ndikuona. Achemwali anga munawatenga, sindinakane. Koma mawu angawa si malaya anu oti muzisita."